ZOYENERA KUGULA MUNTHU WOYAMBA MASEWERA A POOL PAMENE NDALAMA ZIRI ZOCHEPA

Nkhani yokambidwa pa wailesi kwa alimi ndi mafumu



Masiku ena timakamba za chimanga, za fodya ndi za ziweto. Lero tikamba za masewera, koma musatseke wailesi, pakuti nkhani yake ikhudza ndalama zimene mwazipeza ndi khasu. Ambiri a inu muli ndi ana kapena adzukulu amene akhala ku Manje, ku Bangwe, ku Ndirande, ku Chilomoni, ku Zingwangwa kapena ku Machinjiri. Nthawi yokolola ikafika, ana amenewa aimba foni kumudzi nati, "Bambo, gulitsaniko matumba a nandolo munditumizire ndalama, ndifuna kugula tebulo la pool." Ena sapempha zambiri, angofuna ya ndodo yosewerera. Kholo limene silinaonepo masewerawa lisowa choyankha. Likakana, mwana ati bambo ndi woumira. Likalola, mwina thukuta la chaka chonse lipita pachabe. Nchifukwa chake tafuna kukufotokozerani zinthu zimenezi chimodzichimodzi, kuti mukamayankha muyankhe mukudziwa.

MASEWERA AKE NDI OTANI

Pool aseweredwa pa tebulo lalikulu lokutidwa ndi nsalu, kawirikawiri yobiriwira. Tebulolo liri ndi mabowo 6, anayi m'ngodya ndi awiri pakati pa mbali zazitali. Pamwamba pake aikapo mipira yolimba 16. Umodzi ndi woyera, ndiwo umene wosewera augunda ndi nsonga ya ndodo kuti ukagunde inzake. Umodzi ndi wakuda. Yotsala 14 igawika pawiri, 7 ya munthu mmodzi ndi 7 ya mnzake. Amene ayamba kugwetsa mipira yake yonse m'mabowo, natsiriza ndi wakuda uja, ndiye wapambana.

Masewerawa anachokera kwa Azungu, ndipo ndi a banja limodzi ndi ena ochedwa snooker. Kale mipira yake inali kusemedwa ndi minyanga ya njovu, yambiri yochokera mu Africa muno, koma lero ipangidwa ndi pulasitiki wolimba. Inu mudziwa bawo. Bawo mukhoza kusema nokha, kapena kungokumba maenje pansi pa mtengo, nkhomo zake nkutola. Pool siiri choncho. Pafupifupi zonse ndi zogula, ndipo zambiri zichokera kunja kwa dziko. Pamene kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 pa 100 m'mwezi wa November 2023, katundu wochokera kunja anakwera mtengo, monga munaonera pa feteleza. Chifukwa chake sititchula mitengo m'nkhani ino, pakuti mtengo wa mwezi uno si wa mwezi wamawa. Chimene tikuuzeni ndi ichi: chiyenera kuyamba ndi chiti, chiyenera kudikira ndi chiti, ndipo katundu wabwino adziwika bwanji.

YAMBANI OSAGULA KANTHU

Uphungu woyamba ndi wosalira ndalama. Munthu amene angoyamba kumene asagule kanthu kali konse. Pali ponse pamene pali tebulo, pa msika kapena pa sitolo, ndodo ndi choko ziri pomwepo, ndipo wosewera alipira ya gemu yokha. Mnyamata asewere ndi ndodo za pamalopo miyezi itatu kapena inayi. M'miyezi imeneyi aphunzira kuima bwino, kuyala dzanja pa tebulo ndi kukankha ndodo mowongoka. Aphunziranso kuti dzanja lake lifuna ndodo yolemera motani, popeza adzagwira zamitundumitundu.

Palinso chifukwa china. Anyamata ambiri atentha mtima ndi chinthu mwezi umodzi, mwezi winawo aiwala. Ngati chidwi chitha asanagule kanthu, palibe chimene chatayika. Mlimi wanzeru sagula ngolo asanakhale ndi ng'ombe. Ndipo mwana akakuuzani kuti alephera kupambana chifukwa alibe ndodo yake, mumuuze kuti ndodo sigwetsa mpira, agwetsa ndi munthu.

NDODO

Miyezi ija ikatha chidwi chikadalipo, chinthu choyamba kugula ndi ndodo imodzi, imene anyamata aitcha sitiki. Ubwino wa ndodo yakeyake ndi wakuti dzanja lizolowera kulemera kumodzi, ndipo nsonga yake siphwanyidwa ndi anthu ambiri.

Ndodo ya munthu wamkulu italika mainchesi 57, ndiko kuti mapazi 4 ndi mainchesi 9, ndipo ilemera ngati theka la kilogalamu. Ziripo zazifupi za mainchesi 48, za ana kapena za m'chipinda chopanikiza. Kumapeto kowonda kuli kamphete, kawirikawiri ka mkuwa, ndipo pamwamba pa kampheteko amamatapo kachikopa kakang'ono kochedwa tipi. Kachikopa kameneka ndiko kamene kakhudza mpira. Anayamba kukaika ndi munthu wa ku France dzina lake François Mingaud, kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1800, ndipo kufikira lero ndiko mtima wa ndodo.

Muyenera kudziwa kuti mipira iri ya misinkhu iwiri. Ya matebulo a Chingerezi ikula mainchesi 2, ndipo ifuna ndodo ya nsonga yaing'ono, ya mamilimita 8 kapena 9. Ya matebulo a Chimereka ikula mainchesi 2 ndi kota, ndipo ifuna nsonga ya mamilimita 12 kapena 13. Tsono mwana ayambe wayang'ana tebulo limene asewerapo tsiku ndi tsiku. Ngati mbale wa ku Johannesburg alonjeza kubwera ndi ndodo, auzidwe msinkhu wake asanagule.

Poyesa ndodo chitani zinthu zinayi izi.

Choyamba, igonekeni pa tebulo ndi kuigubuduza pang'onopang'ono. Yowongoka iyenda mosalala. Yokhota idumphadumpha ndipo nsonga yake ivina.

Chachiwiri, ikwezeni pa diso ndi kuyang'ana kuchokera ku tsinde kufikira ku nsonga, monga achita mmisiri poyesa thabwa, mukuitembenuza.

Chachitatu, yang'anani mng'alu pafupi ndi kamphete. Gwedezani ndodo ndi kuigogoda ndi chala. Ikalira ngati muli kanthu kotakasuka m'kati, isiyeni.

Chachinayi, ngati ndi ndodo yolumikiza pakati, imangeni ndi kuimasula kangapo. Polumikizira pasakhale mpata, ndipo muigubuduzenso iri yomanga.

Ndodo ya thupi limodzi ndiyo yotsika mtengo ndipo ikwanira woyamba. Yolumikiza iri ndi ubwino umodzi wokha kwa iye, wakuti sivuta kunyamula pa minibasi kapena pa kabaza. Musalipire maluwa ojambulidwa ku tsinde, kapena dzina lolembedwa ndi golide. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Ndodo yakale yowongoka iposa yatsopano yokhota. Ngakhale tipi yake yatha, musaikane, pakuti tipi ndi yotsika mtengo ndipo isinthika. Koma ndodo yokhota musaitenge ngakhale akuchotsereni theka la mtengo.

CHOKO NDI TIPI

Chachiwiri kugula ndi choko. Ichi si choko cha aphunzitsi cholembera pa bolodi. Choko cha pool ndi kachibenthu ka ngodya zinayi, kobiriwira kapena ka buluu, kopangidwa ndi mchenga wosalala wosakaniza ndi zina zokhakhala. Anachikonza William Spinks ndi William Hoskins ku America m'chaka cha 1897. Nchito yake ndi kuletsa tipi kuterereka pa mpira, ndipo wosewera apaka pang'ono asanagunde. Choko cha kusukulu sichigwira nchito imeneyi, chingodetsa nsalu.

Pamodzi ndi choko gulani matipi awiri kapena atatu a msinkhu wa ndodo yanu ndi kabotolo ka guluu. Tipi ikatha, dulani yakaleyo ndi lumo, palani pamwamba pa kamphete pasalale, pakani guluu pang'ono, ikani yatsopano ndi kuipanikiza kufikira iume. Kenaka sengani m'mbali ndi kuizungulitsa pamwamba ndi sandipepa kuti ikhale ngati mutu wa bowa wosatambasuka. Mnyamata amene aphunzira nchito imeneyi salipiranso munthu, ndipo mwina anzake adzamlipira iye.

Zina zonse zidikire. Golovesi ya m'dzanja siifunika. Dzanja losamba ndi louma likwanira. Chikwama cha m'sitolo sichifunika. Telala akhoza kusoka thumba la nsalu yokhuthala, kapena mudule paipi ya pulasitiki ya madzi ndi kutseka kumapeto kwake. Ndodo ndi mtengo, ndipo mtengo uopa dzuwa, moto ndi chinyontho. Musaitsamize pa khoma usiku wonse, pakuti ikhota. Igonekeni pamalo osalala kapena ipachikeni choimirira. Isakhale yokusira mbuzi kapena yothyolera mango.

TEBULO

Tsono tifike pa nkhani yaikulu. Tebulo sichinthu chogula munthu chifukwa afuna kuphunzira. Wogula tebulo ayamba malonda, ndipo inu makolo muliweruze monga muweruza chigayo kapena okala.

Matebulo ena achokera kunja, makamaka ku South Africa, ena akhomedwa ndi amisiri a konkuno. Limene lipezeka kwambiri m'malo a malonda ndi la mapazi 7 m'litali ndi mapazi 4 m'lifupi. Koma chipinda chake chifunika chachikulu koposa, popeza wosewera azungulira tebulo ndi ndodo ya mainchesi 57. Pafunika malo a mapazi 16 m'litali ndi mapazi 13 m'lifupi, kapena kuposerapo, opanda mzati pakati. Nyumba zambiri za lendi m'makwalala a Blantyre ndi zopanikiza. Mwana ayambe wayesa chipinda ndi tepi, osati ndi maso.

Chinthu chachikulu m'tebulo ndi chimene chiri pansi pa nsalu. Tebulo labwino liri ndi mwala wosalala, mtundu womwewo wa masileti amene akuluakulu analembapo kusukulu za mishoni. Anayamba kuika mwala umenewu ndi John Thurston wa ku London m'chaka cha 1826. Mwala sukhota, sufufuma ndipo chiswe sichiudya. Tebulo lotsika mtengo liri ndi thabwa kapena bolodi la utuchi wopanikiza. Limeneli lisewereka likadali latsopano, koma likamwa chinyontho lifufuma, ndipo mipira iyamba kuyenda njira yakeyake. Osewera salipira pa tebulo lotero ngati pali lina labwino pafupi. Kuti mudziwe, gogodani kunsi kwake ndi kuyesa kulitukula mbali imodzi. La mwala silinyamulika ndi anthu awiri.

Munthu wa ndalama zochepa kawirikawiri agula tebulo limene linagwirapo nchito. Sikulakwa, koma pafunika maso. Mukumbukira namondwe Freddy wa m'mwezi wa March 2023, pamene madzi ndi matope zinatsika m'phiri la Soche ndi kulowa m'nyumba za ku Manje ndi ku Chilobwe. Ngakhale chaka cha mvula wamba, denga lodontha liononga katundu. Tsono yang'anani kunsi ndi m'miyendo ngati muli zipsera za madzi, nkhungu, dzimbiri kapena njira za chiswe. Nsalu yatsopano ikhoza kubisa bolodi lovunda.

Yesani motere. Bwerekani levulo kwa mmisiri womanga nyumba ndi kuiika pakati, m'mbali ndi m'ngodya. Gubuduzani mpira pang'onopang'ono kuchokera mbali imodzi kufikira ina, muone ngati upatuka. Kankhani mpira mwamphamvu ku labala wa m'mbali zonse 6. Labala wamoyo aubweza msanga, wakufa angolira phu ndipo mpira uima pafupi. Pitsani chikhato pa nsalu yonse kufuna pong'ambika ndi popsa ndi fodya. Labala ndi nsalu zisinthika, koma funsani mtengo wake kwa mmisiri tsiku lomwelo, ndipo muuchotse pa mtengo wa tebulo.

Matebulo a malonda ali ndi makina otsekera mipira. Mpira ukagwa m'bowo upita m'bokosi, ndipo sutuluka kufikira munthu alowetsa tokeni. Mpira woyera wokha ndiwo ubwerera kwa wosewera, ndipo pa matebulo a Chingerezi utero chifukwa ndi wocheperapo pang'ono kuposa inzake. Chifukwa chake mpira woyera ukatayika simungatole wina uli wonse. Wa msinkhu wolakwika udzatsekeredwa pamodzi ndi inayo. Yesani makinawo kakhumi wogulitsa ali pomwepo. Werengani mipira ikwane 16, yopanda ming'alu. Landirani matokeni onse ndi makiyi onse. Ngati kiyi imodzi yatsala kwa munthu wina, sinthani loko tsiku lomwelo.

Za mipira, yolimba koposa ndi ya dzina la Aramith, yopangidwa ku Belgium, koma mtengo wake ndi wokwera. Woyamba agwiritse nchito imene yabwera ndi tebulo, nadzagula yabwino pamene tebulo layamba kubweza ndalama.

KUWERENGA NDALAMA MUSANATULUTSE

Musanagulitse thumba ngakhale limodzi, khalani pansi ndi mwanayo ndi pepala. Pa mtengo wa tebulo onjezani ya galimoto yonyamula ndi ya anthu okweza, ya ndodo zinayi, choko, bulashi yosesera nsalu, chofunda cha tebulo ndi nyale ya pamwamba. Popeza magetsi amazima, ganizirani nyale ya sola. Onjezani lendi ya miyezi itatu, malipiro a woyang'anira ndi chiphaso cha malonda, chimene afunse ku khonsolo ya mzinda wa Blantyre, kapena ku khonsolo ya boma lanu ngati tebulo lidzakhala kumudzi.

Kenaka gawani ndalama zonsezo ndi mtengo wa gemu imodzi. Tiyerekeze kuti zikwana magemu 3,000, ndipo tebulo lipeza magemu 20 pa tsiku. Lendi, woyang'anira ndi zokonza zikadya theka, atsala magemu 10. Ndiye kuti papita masiku 300, miyezi 10, ndalama zisanabwerere. Manambala awa ndi chitsanzo chabe. Enieni mwana awapeze yekha: akhale pafupi ndi tebulo la wina masiku 7, kuyambira Lolemba kufikira Lamulungu, nawerenge magemu. Asawerenge Loweruka la kumapeto kwa mwezi lokha. Akumbukirenso kuti m'January ndi m'February, pamene ufa wachepa m'nyumba, osewera achepa.

Afunse mitengo malo atatu, ku Limbe, m'tauni ya Blantyre ndi kwa amisiri, m'sabata imodzi yomweyo. Apite ndi munthu wodziwa masewerawa, pakuti safunsa anadya phula. Asatumize ndalama pa foni chifukwa cha chithunzi cha pa Facebook kapena pa WhatsApp. Tebulo aliwone ndi maso ndi kulikhudza ndi manja. Pogula palembedwe kalata pamaso pa mboni ziwiri, yotchula wogulitsa, wogula, mtengo ndi zonse zimene zaperekedwa. Katundu wotsika mtengo modabwitsa, wogulitsidwa usiku ndi mofulumira, mwina ndi wakuba, ndipo wolandira katundu wakuba ali ndi mlandu.

Ndalama zina zisakhudzidwe konse: za feteleza ndi mbeu, za fizi, ndi chimanga cha m'nkhokwe. Katapila asayandikire, pakuti chiwongola dzanja chake chithamanga kuposa tebulo. Ngati ndalama sizikwana, njira ziripo. Mwana asunge pang'onopang'ono m'banki m'khonde kapena m'chipereganyu. Anyamata atatu kapena anayi akhoza kusonkha, koma alembe pangano la kagawidwe. Pali eni matebulo ena amene aika tebulo pa malo a mnzawo ndi kugawana zimene lapeza. Mwana akagwira nchito yotere miyezi ingapo adzadziwa malondawo asanaike ndalama za makolo ake.

MAU KWA MAFUMU

Inu mafumu ndi nyakwawa, matebulo amenewa afika kale m'misika ya kumidzi, ndipo ena adzakupemphani malo. Masewerawo paokha alibe choipa. Aphunzitsa diso, kudekha ndi kudikira nthawi ya mnzako, ndipo ena apita nawo ku mipikisano. Choipa chilowa ndi kubetcha. Mnyamata amene asewera kuti apeze ndalama za mnzake wasiya masewera, wayamba njuga, ndipo ndiye amene mawa adzagulitsa nkhuku za amayi ake.

Tsono popereka malo panganani poyera. Ana a sukulu asaoneke pa tebulo nthawi ya sukulu, pakuti lamulo la maphunziro la 2013 likuti mwana ali yense apite ku pulayimale. Ana osafika zaka 18 asalowe kumene kugulitsidwa mowa ndipo asabetche. Pakhale ora lotsekera, kuti oyandikana nawo agone. Pakagwa maliro m'mudzi, tebulo lifundidwe. Mwini wake amene asunga mapanganowa adzakhala pa mtendere ndi mudzi, ndipo malonda ake adzakhalitsa.

Tisanatsazikane tibwereze mwachidule. Woyamba asewere ndi ndodo za pamalo miyezi ingapo. Kenaka agule ndodo imodzi yowongoka ya msinkhu woyenera, choko ndi matipi. Tebulo libwere potsiriza, atayesa chipinda, atawerenga magemu, atagogoda kunsi kwake, ndipo ndi ndalama zimene banja likhoza kudikira chaka. Mwana akaimbanso foni, mufunseni mafunso awa: wasewera miyezi ingati, chipinda ndi cha mapazi angati, pansi pa nsalu pali mwala kapena bolodi, ndipo wawerenga magemu angati pa tsiku. Akayankha onse bwino, kambiranani. Akalephera, muuzeni adikire kukolola kwina.